Mauser K98k ya 1943 yomwe chamber yake inasinthidwa mwakachetechete: lipoti la ntchito yoisandutsa mfuti yosakira

Bambo amene anabweretsa mfutiyi sanabwere ndi dandaulo. Anali mlenje wa zaka za m'ma 40, wa chiphaso chake, ndipo mfutiyo anasiyiridwa ndi agogo awo aamuna, omwe nawonso anaigula kwa munthu wina kalekale. Ankafuna ndiivule usilikali: ndiikepo galasi loonera patali, ndisinthe thabwa, ndiponso ndiisinthe kuti izidya zipolopolo za .300 Winchester Magnum, poti ndi zomwe anzawo osaka nawo ankatamanda. Ntchito ya mtundu uwu imafika kwa aliyense wa ife amisiri a mfuti. Iyi ndailemba chifukwa inandiphunzitsa kawiri, koyamba pa cholakwa cha mmisiri amene sindinamuonepo, kachiwiri pa cholakwa changa.

Ndili ndi chizolowezi chopempha zigoba za zipolopolo zomwe mfuti yawombapo kale ndisanamasule sikulufu ngakhale imodzi. Chigoba chimatuluka chitatengera m'kati mwa chamber, chipinda chomwe chipolopolo chimakhala powomba, monga dongo limatengera chala cha woumba. Bamboyo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa zigoba 6. Pansi pake panalembedwa 8x57, dzina la chipolopolo chomwe mfuti za mtundu uwu zinapangidwira, koma thupi lake silinali la 8x57. Phewa linali litasunthira kutsogolo ndi mamilimita pafupifupi 3, khosi litatsala kachidutswa, mwina theka la utali wake. Chimodzi chinali ndi mng'alu pakhosi. China chinali ndi kamzere kowala kozungulira pamwamba pang'ono pa tsinde, kamzere kaja tonse timakadziwa kuti ndi pomwe chigoba chimadzadukira.

"Zimatuluka chonchi nthawi zonse?" ndinawafunsa.

"Chiyambire, amisiri. Agogo ankati mfuti za Ajeremani ndi mmene zimachitira."

"Munayamba mwamvako kamphepo kotentha kumaso powomba?"

Anaganiza kaye. "Kamodzi kapena kawiri. Ndinkayesa ndathira oyilo wambiri."

Sindinaiwombe mfutiyo. Ndinawapempha kuti aisiye, pamodzi ndi zipolopolo zomwe anabwera nazo.

Zomwe ndinapeza pa benchi

Inali Karabiner 98k (K98k), mfuti yomwe asilikali a Germany anayamba kugwiritsa ntchito mu 1935, mdzukulu wa Gewehr 98 ya Paul Mauser ya mu 1898. Pamwamba pa receiver, thupi lachitsulo la mfuti pomwe paipi imamangidwa, panadindidwa byf ndi 43, kutanthauza fakitale ya Mauser ku Oberndorf, chaka cha 1943. Funso loyamba pa mfuti iliyonse ya nkhondo limakhala lakuti kodi ndi yoyenera kuidula n'komwe. K98k yomwe manambala ake onse akufanana, thabwa lake lili lathunthu, ndi chuma kwa osunga zinthu zakale, ndipo ine ndimakana kuiboola ngakhale mwini wake andinyengerere bwanji. Iyi sinali m'gulu limenelo. Nambala ya pa bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo m'chamber, inali yosiyana ndi ya pa receiver, thabwa linali litadulidwa kale kutsogolo ndi sowo, mphete zachitsulo zomangira paipi kunalibe. Wina anali atauyamba kale ulendowu n'kuusiyira panjira.

M'kati mwa paipi munali bii. Nditatsuka n'kulowetsamo kagalasi, ndinaona timaenje ta dzimbiri kuyambira pakhosi mpaka kukamwa. Ndi ntchito ya zipolopolo zakale za asilikali: primer yake, kachinthu ka pa tsinde la chigoba koyatsa onga, inali ndi potassium chlorate, yomwe ikapsa imasiya mchere m'paipi, mcherewo n'kumakoka chinyezi. Oyilo sauchotsa mchere umenewu, umafuna madzi. Ndinakankhiramo kachidutswa ka mtovu wofewa n'kukayeza, ndipo paipi inali ya zipolopolo za mainchesi 0.323, osati 0.318 ya mfuti za Germany za chaka cha 1905 chisanafike. Mpaka apa panalibe chachilendo.

Chachilendo chinatulukira pa mageji oyezera headspace, ndiye kuti mpata womwe chigoba chimakhala nawo m'chamber bolt ikatsekedwa. Nditachotsa firing pin, kachitsulo komenya primer, ndi chikhadabo chokokera zigoba, ndinaika geji ya GO ya 8x57, bolt inatseka. NO-GO, yomwe bolt siyenera kutsekapo, inatseka. FIELD, yomwe mfuti ikaimeza timati yatha ntchito, inatsekanso osakhudza kanthu, ndipo nditagwedeza mfuti ndinamva geji ikugunda uku ndi uku m'kati. Apa ndinatsala pang'ono kusochera. Maganizo anga oyamba anali akuti bolt yachilendo ija ndiyo yabweretsa mpata, kapena mano omwe amakhoma bolt amira m'mipando yake ya m'receiver. Ndinataya theka la ola ndikusakasaka bolt ina yoti ndiyesere. Koma bolt yachilendo kapena mano omira zimapereka mpata wa tizigawo ta milimita, osati mamilimita 3. Zigoba zija zinali zitanena kale, ine ndi amene ndinachedwa kumva.

Ndinatseka paipi ndi kansalu patsogolo pa chamber n'kuthiramo Cerrosafe, chitsulo chija chimasungunuka madzi asanawire n'komwe. Chomwe chinatuluka chinali chithunzi cha chigoba cha mamilimita 63, phewa la chipolopolo cha ku America cha .30-06, khosi la 8mm. Mfutiyo inali 8mm-06. Ndinaitembenuza paipi mbali zonse, ndinayang'ana ngakhale pansi pomwe thabwa limabisa, ndipo panalibe chilembo chilichonse chonena zimenezi.

Kaliba imeneyi, ndiye kuti mtundu wa chipolopolo umenewu, inatchuka ku United States nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Asilikali anabwerera kwawo ndi ma Mauser ambirimbiri, koma zipolopolo za 8x57 zinali zosowa pomwe zigoba za .30-06 zinali mbwee. Amisiri ankangolowetsa chida chosemera chotchedwa reamer n'kutalikitsa chamber, mwini mfuti n'kumakulitsa khosi la chigoba cha .30-06 kuti lilandire mutu wa 8mm, n'kumadzipangira zipolopolo zake. Pa nthawi yake inali nzeru yabwino. Koma mmisiri uyu sanadinde, ndipo mfuti inakhalitsa kuposa anthu omwe ankadziwa nkhani yake. Inadutsa m'manja mwa anthu awiri osadziwa kanthu, zaka zonsezo ikudyetsedwa chigoba chofupika ndi mamilimita 6.

Chomwe chinkachititsa kuti iziwombabe ndi chikhadabo chachikulu cha Mauser, chomwe chimagwira mkombero wa chigoba chikangotuluka m'magazini. Chigoba chinalibe potsamiritsa phewa, koma chikhadabo chinkachigwira mokwanira kuti firing pin imenye primer. Mkuwa unkafufuma n'kudzaza mpata. Pomwe unang'ambika, mpweya wa onga unatsata njira yomwe Paul Mauser anaukonzera: mabowo awiri aatali a m'thupi la bolt, ndi chishango cha kumbuyo chomwe chimaupatutsa kuti usalunjike m'diso. Kamphepo kaja bamboyo ankayesa oyilo kanali kotsalira chabe.

Nditamasula paipi, ndinakhala nthawi yaitali pa mipando ya mano awiri a kutsogolo, chifukwa apa ndi pomwe ntchito yonse imaima kapena kugwa. Receiver ya Mauser ya nkhondo ndi chitsulo chofewerapo m'kati, chovala khungu lolimba koma lopyapyala. Khungu likabooka, mano amayamba kumira pang'onopang'ono m'chitsulo chofewacho, ndipo palibe paipi yatsopano yomwe ingapulumutse mfuti yotero. Ndinapaka utoto wa buluu pa mano, ndinatseka ndi kutsegula kangapo, ndinayeza kuya kwa mipando yonse iwiri. Sinamire. Dzino lakumtunda linkakhudza malo ambiri kuposa lakumunsi, koma onse awiri ankanyamula katundu. Sindinawapale kuti afanane ndendende monga ena amachitira. Pa khungu lopyapyala chotere, kupala kofuna ungwiro ndi komwe kumaboola. Makina a Rockwell oyezera kulimba kwa chitsulo nawonso sindinawakhulupirire kwambiri pano, poti nsonga yake imapyoza khungu n'kukawerenga chitsulo chapansi, n'kukupatsani nambala yoopseza pa receiver yabwinobwino.

Panalinso china. Mmisiri woyamba uja anatalikitsa bokosi la magazini chakutsogolo, n'kusemako ndi tupa kachitunda komwe chipolopolo chimakwererapo polowa m'chamber. Pa Mauser 98 kachitunda kameneka si kokwerera chabe. Chitsulo chomwecho ndi chimene chimachirikiza mpando wa dzino lakumunsi. Anachotsa pang'ono, dzanja lake linali laukhondo, koma chomwe chinachoka chinachoka.

Kukambirana kaliba

Bamboyo atabweranso, ndinawaikira patebulo chithunzi cha chamber chija pambali pa chipolopolo chawo. Anazigwira zonse ziwiri, anaziyandikizitsa, n'kukhala chete. Kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndimayenda ndi njoka paphewa." Koma pa .300 Magnum sanasunthe msanga.

Ndinawafotokozera chifukwa chomwe sindikanaigwirira ntchito imeneyo. Tsinde la chigoba cha magnum chokhala ndi lamba ndi mainchesi 0.532, pomwe nkhope ya bolt ya K98k inasemedwera 0.473. Pafunika kukulitsa nkhope ya bolt, kukonzanso chikhadabo, kusema milomo ya pansi pa receiver yomwe imagwira zipolopolo m'magazini, ndi kukulitsa bokosi kuti lilandire zigoba zonenepa. Zimatheka, ndipo amisiri akhala akuchita zimenezi pa ma Mauser 98 abwino kwa zaka zambiri. Koma chigoba chotambalala tsinde chimakankha bolt ndi mphamvu yochuluka, ndipo iyi inali receiver ya nthawi ya nkhondo yomwe dzino lake lakumunsi linali litasemedwa kale kumsana. Milomo nayo ukaisema mopitirira ndi katsitsi kamodzi, zipolopolo zimatumphuka zokha m'magazini, ndipo tupa alibe njira yobwezera chitsulo. "Walira mvula walira matope, bambo," ndinawauza, "koma matope awa akagwera kumaso kwanu, osati kwanga."

Kuisiya 8mm-06 sikunali nkhani yokambirana: paipi inali yakufa, zipolopolo za kaliba imeneyi sizipezeka m'masitolo ngati zinzake, ndipo iwo sadzipangira okha. Mtima wanga unali pa kubwezeretsa 8x57 ndi paipi yatsopano. Ndi chipolopolo chomwe magazini, milomo ndi chikhadabo zinasemedwera, mphamvu yake malinga ndi bungwe la CIP, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, ndi 3,900 bar, ndipo chimagwetsa nyama iliyonse yomwe .30-06 ingagwetse. Mbiri yake yoti n'chofooka inachokera ku America, komwe mafakitale amachidzaza mopepuka, 35,000 psi (pafupifupi 2,400 bar), poopa mfuti zakale za paipi ya 0.318. Koma bamboyo anati amavutika kuzipeza, ndipo mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo.

Anatchula .308 Winchester, n'kuwonjezera mawu omwe ndawamva kambirimbiri: "Nanga si maboma ankasintha mfuti zomwezi?" Zoona, ankasintha. Israel inasandutsa ma K98k ake kukhala 7.62 NATO, mnzake wa asilikali wa .308, m'zaka za m'ma 1950, ndipo inadinda 7.62 m'zilembo zikuluzikulu pa receiver, n'kuwotchanso nambala yomweyo pa thabwa kuti msilikali asasokoneze. Norway inasandutsa ma K98k omwe Ajeremani anasiya kukhala .30-06, n'kusema kamphako kumbuyo kwa mphete ya receiver kuti chipolopolo chachitali chizilowa. Koma boma limakhala ndi fakitale, zida zosemera zomwe zakonzedwera ntchito imodziyo, ndi mfuti zikwizikwi zoti yomwe yakana aitaye n'kutenga ina. Ife timakhala ndi mfuti imodzi, ya agogo a munthu. Ndipo ngakhale maboma sizinawayendere ponse. Britain inayesa kusandutsa Lee-Enfield No. 4 kuchoka ku .303 British, chigoba cha mkombero wotuluka kunja, kupita ku 7.62 NATO chopanda mkombero wotero. Panafunika paipi, chikhadabo ndi magazini zatsopano, ndipo mfuti za L8 zomwe zinatulukamo sizinapite patali. Zomwe zinakhazikika ndi zochepa zosankhidwa bwino, monga L42A1 ya akatswiri owombera patali. India, ku Ishapore, inangopanga mfuti yatsopano ya 2A ndi chitsulo cholimbirapo. Spain inaika 7.62 pa ma Mauser ake akale a 1916, a receiver ya mphete yaing'ono ndi opanda dzino lachitatu lotetezera lomwe Mauser 98 ili nalo, ndipo mpaka lero amisiri akukanganabe ngati ndi bwino kuwadyetsa .308 ya m'sitolo.

Pa mfuti yathuyi vuto la .308 silinali mphamvu, ngakhale kuti 4,150 bar ndi yokwererapo. Vuto linali kadyedwe. Chigoba chake ndi mamilimita 51, chipolopolo chonse pafupifupi 71, pomwe 8x57 chimafika 82, ndipo thupi la .308 ndi lowongoka kwambiri. Milomo ya Mauser inasemedwera chigoba chachitali chopita chikuonda. Chachifupi chimaterereka m'bokosi mfuti ikakankha, chimatuluka m'milomo pa nthawi yolakwika, nthawi zina n'kutsogola chikhadabo chisanachigwire. Zimakonzeka ndi kachitsulo kofupikitsira bokosi komanso kuleza mtima, koma bokosi lathu linali litatalikitsidwa kale, ndiye tikanakhala tikupalasa ngalawa mobwerera.

Chomwe chinatsala ndi .30-06. Tsinde ndi lomwelo la 0.473, mphamvu 4,050 bar, thupi lofanana ndi lomwe mfutiyi inakonzedwera ndi mmisiri woyamba uja, moti panalibe chifukwa chochotsanso chitsulo china chilichonse pa kachitunda kaja. Ntchito yake yosadindayo ndi yomwe inatisankhira kaliba.

Koma .30-06 inabwera ndi ngozi yake, ndipo iyi ndi mfundo yomwe ndikufuna anzanga aigwire. Munthu uyu wakhala zaka zambiri akulowetsa 8x57 m'mfuti imeneyi, ndipo kwawo kunali mabokosi ena. M'chamber ya 8mm-06 cholakwacho chinkangong'amba zigoba. M'chamber ya .30-06 cholakwa chomwecho chimakankhira mutu wa 0.323 m'paipi ya 0.308. Julian Hatcher, mmodzi wa akuluakulu a za zida m'gulu la asilikali a America, atafufuza za mfuti za Springfield M1903 zomwe zinaphulika, anapeza kuti zina zinaphulika chifukwa chodyetsedwa chipolopolo cha Germany chomwechi. Ndinapanga chipolopolo cha 8x57 chopanda onga ndi primer, ndinatenga mfuti yakutha ya .30-06 yomwe ndimasungira zoyeserera, n'kuwapatsa. Bolt inalimba, anaimenya ndi chikhatho monga munthu amachitira nyama ikuthawa, ndipo inatseka. Titatulutsa, kukamwa kwa chigoba kunali kutafinyika mozungulira. Sindinawonjezere mawu. Tinagwirizana kuti ntchito siyamba mpaka zipolopolo zonse za 8x57 zitachoka m'nyumba mwawo motsata malamulo, ndipo anabwera nazo sabata yotsatira.

Tsiku lomwelo ndinawauzanso zoona pa nkhani ya ndalama: paipi, thabwa, trigger, safety, zogwirira galasi, kudetsanso chitsulo, kuyesa ndi maola anga, zonse pamodzi zikanaposa mtengo wa mfuti yatsopano yosakira ya kufakitale, yopepuka, yobwera itabooledwa kale. Atati adzaigulitse, sadzabweza ngakhale theka. "Sindikugula mfuti, amisiri," anatero. "Ndikukonza ya agogo." Yankho limeneli lokha ndi lomwe ndimalandira pa ntchito yotere.

Ntchito yokha

Za paipi sindichedwapo, zinayenda monga mwa masiku onse. Ndinasema mazinga, ndinaonetsetsa kuti paipi yatsamira pa mphete ya m'kati mwa receiver, ndinamaliza chamber mpaka bolt ikutseka pa GO n'kukana NO-GO. Paipi ndi ya mainchesi 22, mizere yake yozungulira kamodzi pa mainchesi 10. Ndisanachite china chilichonse ndinadinda .30-06 pamalo pomwe thabwa silingabise. Nambala ya mfuti pa receiver sindinaikhudze, ndipo mapepala osinthira kaliba pa chiphaso anayenda ntchito isanathe.

Galasi ndi lomwe limadya nthawi. K98k inapangidwa kuti izidzazidwa kuchokera pamwamba ndi kachitsulo ka zipolopolo 5, ndiye pamwamba ponse pamakana galasi. Kalinunda ka kumbuyo kolowetsera kachitsuloko kanayenera kusalazidwa. Mabowo 4 a masikulufu amadutsa khungu lolimba lija, ndipo la kutsogolo liyenera kutalikirana ndi mpando wa dzino lakumtunda. Chogwirira bolt, ngakhale pa K98k chimabwera chopindika kale, chimagundabe galasi potsegula, choncho ndinachidula n'kuwotchererapo china. Safety ya asilikali, kambendera kaja kamazungulira pamwamba, nayo imagunda galasi, ndiye ndinaika yotsika. Trigger ya magawo awiri ndinaichotsa n'kuika ya Timney.

Nditamanga zonse, ndinachita mayeso omwe sindidumpha. Mfuti yopanda kanthu, ndinatchera, ndinaika safety, ndinakoka trigger mwamphamvu, ndinasiya, kenako ndinachotsa safety. Khe! Firing pin inagwa yokha. Safety ya Mauser iyenera kukokera cocking piece, chitsulo cha kumbuyo kwa firing pin, m'mbuyo pang'ono kuti ichoke pa sear, kachitsulo komwe kamaigwira mpaka trigger itakokedwa. Ikapanda kutero, kukoka trigger kumailola kuterereka kupitirira sear, ndipo chomwe chimakhala chikuigwira ndi safety yokha. Trigger yatsopano inali itasuntha malo omwe cocking piece imaimapo, safety yatsopano inasemedwera malo akale, ndipo chilichonse mwa ziwirizi chinali chabwinobwino pachokha. Bolt ya mfuti ina, trigger ya kampani ina, safety ya kampani inanso: palibe amene analonjeza kuti zidzamvana. Ndinazilinganiza mpaka ndikuona ndi maso cocking piece ikubwerera safety ikalowa, ndinabwereza mayeso maulendo 50, ndinagunditsa tako la mfuti pansi, ndinatseka bolt mwankhanza. Sinagwenso.

Kadyedwe kanandisangalatsa. Zipolopolo zoyeserera zinakwera bwino kuchokera mbali zonse ziwiri za magazini, pang'onopang'ono ndi mothamanga, mfuti itapendekeka ngakhale itazondoka. Ndinaitumiza kokayesedwa ndi zipolopolo zamphamvu yoposa ya nthawi zonse, inabwerako headspace isanasunthe, ndipo mwini wake anaitenga.

Kubwerera kwake

Patatha miyezi iwiri anaimba foni. "Amisiri, bolt yayamba kulimba potsegula. Poyamba inali ngati mafuta, pano ndikuchita kumenya." Anali atawomba zipolopolo pafupifupi 60.

Mtima unandigunda. Bolt yolimba potsegula pa Mauser yosinthidwa kaliba imakumbutsa chinthu chimodzi, mano omira, ndipo maganizo anga anathamangira ku kachitunda kosemedwa kaja. Ndinawauza kuti asaiwombenso ndipo abwere ndi zigoba. Zigoba zinali zokongola: primer yozungulira bwino m'mbali, palibe chipsera chowala pa tsinde, palibe kufufuma. NO-GO inakanabe. Ndiye ndinayesa mfuti yopanda kanthu. Ndikatsegula bolt ili yotchera kale, inkakwera mopepuka. Ndikakoka trigger kaye kenako n'kutsegula, inkalimba ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Vuto silinali m'chamber kapena pa mano. Linali pa kutchera.

Mauser 98 imatchera potsegula, kudzera pa kamphako kotsetsereka ka kumbuyo kwa bolt komwe mphuno ya cocking piece imakwerapo. Kamphako kameneka kali pafupi kwambiri ndi tsinde la chogwirira, pomwe ndinawotcherera. Nditayang'ana ndi galasi lokulitsa, kanali katakalika, chitsulo chitanyamuka timizeremizere. Tupa anadya pamenepo mosavuta, pomwe pa bolt yabwino amangoterereka. Moto wanga unali utafewetsa khungu. Ndinaikamo ndithu chitsulo chomwa kutentha ndi phala lotchinga moto, koma ndikukumbukira kuti ndinawotcherera mbali zonse ulendo umodzi osadikira kuti zizizire, chifukwa dzuwa linali litapendeka. Choipa kwambiri n'chakuti nditamaliza sindinayese kulimba kwa kamphakoko ndi tupa, mayeso a masekondi 10. Pa benchi sikanaonetse vuto msanga, chifukwa chitsulo chofewa chosalazidwa bwino chimayenda mosalala masiku oyamba.

Ndinawauza bamboyo mmene zinalili, kuti cholakwa ndi changa ndipo salipira kanthu. Ndinasalaza kamphako, ndinakalimbitsanso pamalo pokhapo ndi ufa wolimbitsira khungu la chitsulo, mano a kutsogolo nditawateteza ku moto, n'kusintha cocking piece yomwe mphuno yake inali itakalikanso. Kusintha cocking piece kunatanthauza kubwerera ku safety ndi sear kuyambira pachiyambi, ndipo ndinabwereza mayeso onse aja. Chiyambire tsiku limenelo, bolt iliyonse yomwe ndawotcherera imakumana ndi tupa pa kamphako ndi pa mano isanabwerere m'mfuti, ndipo ndimalemba zotsatira pa khadi la ntchito pamodzi ndi miyeso ya headspace.

Khadi la mfuti iyi linadzaza mbali zonse. Pa maola onse omwe ndinalemba, kusintha kaliba kwenikweni, ndiye kuti paipi ndi chamber, sikunafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Ena onse anapita pa kufufuza zomwe wina anachita kale, pa kukakamiza mfuti ya msilikali kuti ivale galasi, ndi pa kukonza zomwe kukakamizako kunasokoneza. Yatha ndi galasi lake, ikulemera kuposa mfuti zambiri zatsopano za kaliba yomweyo.

Patatha chaka anabwera nayo kuti ndiione, atawomba zipolopolo zoposa 200. Headspace inali pomwe ndinaisiya, mipando ya mano yosamira, bolt ikukwera ndi zala ziwiri. Pa mamita 100 imaika zipolopolo 3 m'malo osaposa masentimita 4, zomwe n'zokwanira pa ntchito yake. Asanatuluke anapisanso m'thumba n'kuika pa benchi zipolopolo 7 za 8x57, zobiriwira ndi ukalamba. Anazipeza m'thumba la chikhoti cha agogo aja mayi awo akulongedza zovala, ndipo mng'ono wawo, yemwe amabwereka mfutiyo nthawi zina, anali atazitenga kale kuti akaziyese. Ndinazimasula onse tikuona, onga n'kuutaya. Paipi yakale ija ndinaidinda 8mm-06 ngakhale kuti sidzawombanso, ndipo ili pakhoma pamwamba pa lathe. Chithunzi cha chamber cha Cerrosafe anachipempha, ndinawapatsa.